Mpanda wa Akavalo Umene Ndinakagula ku Harare

Pasipoti yanga ili ndi zidindo za ulendo umodzi wokha, ndipo ikhala choncho mpaka idzathe ntchito. Anzanga a ku Machinjiri kuno amadula pasipoti kuti akasake ntchito ku Joni. Ine ndinadula chifukwa cha kavalo, ndipo ndikanena zimenezi anthu amaseka, poganiza kuti ndikucheza.

Nthawi imeneyo ndinkasamalira akavalo pamalo a mayi Chisale, kupitirira pa Kameza ngati mukulowera ku Chileka. Anali atatu, osiyidwa ndi malemu amuna awo: Sajeni amene anali atakalamba, Kamphepo, ndi wamkazi wofiirira amene tinkamutcha Thobwa chifukwa cha mtundu wa ubweya wake. Thobwa ndinamulera ndine kuchokera ali kamwana. Mpanda wa pamalopo unali wa waya waminga, wadzimbiri, ndiye tsiku lina agalu a anthu anamuthamangitsa, iye n'kukadziponya pawayapo. Mwendo wakutsogolo unang'ambika mpaka m'kati. Ndinatha miyezi iwiri ndikutsuka bala m'mawa ndi madzulo, ndikuingitsa ntchentche ngati ndikudwazika mwana.

A Yamikani, mwana wa mayiwo amene amakhala ku Lilongwe, ndiwo ankalipira chakudya ndi mankhwala a akavalo, ndipo anali atatopa nazo. Ananena pafoni, ine ndikumva, kuti atumiza ndalama za mpanda kamodzi kokha. Mpandawo ukapanda kutheka, akavalo onse agulitsidwe, nkhani ithere pomwepo.

Dokotala wa ziweto amene anasoka Thobwa anatilembera papepala zoti tigule. Anati kavalo akamathamanga saona waya woonda, ndipo waya wachitsulo saduka, amangocheka. Chofunika ndi lamba woyera, wotakata, wokhala ndi timawaya ting'onoting'ono m'kati mwake. Kavalo amamuona ali patali, akamukhudza kamodzi magetsi amamuphunzitsa, ndipo akachita kumugunda ndi liwiro, chimene chimaduka ndi lambayo osati mwendo. Ndinazungulira mu Limbe, ndinazungulira m'tauni, koma paliponse ndikangoti mpanda wa magetsi ankanditulutsira waya uja wa pamwamba pa makoma, wotchingira akuba. Mumzinda muno mpanda wa magetsi timadziwa umodzi womwewo. Dokotala anati zinthu za akavalo tikazipeza ku Harare, m'mashopu a alimi.

Ine za magetsi ndinkangodziwa kuyatsa ndi kuzimitsa, komanso ndinali ndisanadutsepo boda. N'chifukwa chake ndinatchula alamu anga a Devisoni a ku Ndirande, amuna a achemwali anga, amene ntchito yawo ndi kuika mawaya a magetsi pamakoma a mabwana. Ndinawatchula ndekha, ndi pakamwa pangapa, popanda wondikakamiza. Ndinauza mayi Chisale kuti ndi munthu wa m'banja, wodziwa njira, wosaphonya kutchalitchi. Mayi anavomera kuwalipirira basi popita ndi pobwera.

Tinafika pa Wenela kusanache bwino chifukwa patikiti panalembedwa kuti basi inyamuka sikisi koloko. Inanyamuka naini. Maola atatu amenewo anathera pa matumba a mpunga, a nyemba ndi a usipa, amene kondakitala ankawayeza ndi maso okha n'kutchula mtengo, eni ake n'kumakuwa, iye n'kutsitsa pang'ono, kenako onse n'kuseka limodzi. Mpando wanga unali pakati: kumanja alamu pawindo, kumanzere mayi wina wa ku Bangwe, mayi Esinati, amene amapita ku Harare kawiri pamwezi ndi mpunga ndipo amabwerako ndi mabulangete. Atamva kuti ndikukagula mpanda wa akavalo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti pamsewu umenewu aonapo zambiri koma izi zokha n'zatsopano.

Madola a mpanda anali m'kathumba kamene mkazi wanga anandisokera m'kati mwa thalauza. Aliyense anali atandiopseza za akuba a m'mabasi ndi a m'maboda, moti njira yonse dzanja langa linkangopita pachiuno ngati ndikumva m'mimba. Tikudutsa pa Kameza ndinasuzumira kumbali ya kwa mayi Chisale ngakhale ndinkadziwa kuti makola saoneka kuchokera kumsewu. Alamu anandigwira paphewa n'kundiuza kuti ndikhazike mtima pansi, ndili ndi iwo.

Lunzu, Lirangwe, Mdeka, zonsezi ndi kwathu, ndinkazidziwa. Pa Zalewa titakhota kulowera ku Mwanza mpamene ndinamva kuti ulendo wayambika. Paboda pa Mwanza ndinachita zaumbuli zoyamba. Ndinaona mzere waufupi ndipo ndinadziona wochenjera, ndinaimapo theka la ola lathunthu, osadziwa kuti ndi mzere wa madalaivala a malole. Anadzanditenga ndi alamu, akuseka mpaka misozi, n'kukandiimika kumapeto kwa mzere wathu umene unali utafika panja padzuwa. Anandigulira manachesi kuti ndizitafuna podikira. Iwo anapatukira pambali kukaimba foni netiweki ya kwathu isanathe, ndipo ndinawamva akuuza munthu wina kuti asade nkhawa, zipangizo zifika Lachisanu. Ndinaganiza kuti akulankhula ndi a Yamikani. Ndinasangalala kuti alamu ntchitoyi aitenga ngati yawo.

Pa Zobue, mbali ya Mozambique, ndinaima pawindo lodindira pasipoti ngati wosalankhula. Agogo anga anachokera m'dziko lomwelo, analowera pa Muloza wapansi atasenza mphasa, koma ine ngakhale moni wa Chipwitikizi sindimudziwa. Mayi Esinati ndiwo anandilozera poti ndilembe dzina ndi poti ndisaine. Titachoka pamenepo msewu unayamba kutsetsereka, ndipo kutentha kunkakula mtunda uliwonse. Amene mumati ku Nsanje kumatentha, pitani kaye ku Tete. Mphepo yolowera pawindo inali ngati yochokera mu uvuni, ndipo usipa wa pansi pa basi unayamba kudziwitsa aliyense kuti nawonso uli paulendo. Mtsinje wa Zambezi ndinangouona pang'ono pakati pa mitu ya anthu, chifukwa thukuta linali m'maso.

Titangopitirira Changara tinamva phuu, basi n'kuyamba kuvina. Dalaivala anaigwira bwino, Mulungu amudalitse, n'kukaima m'mbali. Tayala lakumbuyo linali litaphulika. Limenelo silinali vuto. Vuto linali loti tayala lapadera atalitsitsa linapezeka kuti nalonso lilibe mpweya, ndipo kondakitala anachita kukwera lole yobwerera ku Changara atalinyamula. Tinatsala anthu odzaza basi ndi mlambe umodzi wopanda masamba. Tinkasuntha ndi mthunzi wa thunthu lake ngati mbuzi.

Tinakhala pamenepo maola anayi. Madzi anatha mu ola loyamba. Kenako kunatulukira amayi a m'mudzi wapafupi ndi zidebe za madzi ndi mabeseni a masau, ndipo anakana makwacha athu. Alamu anali ndi ndalama za kumeneko pang'ono, anagula botolo limodzi, n'kundipatsa ine kuti ndiyambe kumwa. Izi ndimazikumbukira ndipo ndi zimene zimandiwawa kwambiri, chifukwa munthu woipa kuchokera pachiyambi umadziwa pomuika.

Podikirapo mayi Esinati anafunsa kuti mpanda wa akavalo umasiyana bwanji ndi wa akuba. Ndisanayankhe alamu anatola kamtengo n'kuyamba kujambula padothi, akufotokoza kuti palibe kusiyana, waya ndi waya ndipo magetsi ndi magetsi, zinazi ndi njira za madokotala zodyera anthu. Ndinatulutsa pepala la dokotala n'kuwawerengera mzere ndi mzere. Ndinawauza kuti wakuba amabwera pang'onopang'ono akuyang'ana, koma kavalo woopsedwa amabwera ndi thupi lonse maso ali kwina. Ndinawauzanso kuti makina a pakhoma amadalira magetsi a m'nyumba, pamene kumakola kulibe ngakhale soketi imodzi. Ndinalankhula mpaka ndinapsa mtima, ndinachita kuwaonetsa chithunzi cha bala la Thobwa pafoni. Mayi Esinati anatembenuza nkhope. Alamu anafufuta zojambula zawo ndi phazi n'kunena kuti ankangondiyesa, aone ngati ndikudziwa chimene ndikukagula.

Tayala linabwera dzuwa litapendeka. Pa Kuchamano ndi pa Nyamapanda tinadutsa tili otopa moti palibe amene anali ndi mphamvu zokangana pamzere. Ku Harare tinafika kutada, n'kukagona ku Mbare kwa msuweni wa alamu, ndipo za mzindawo tsiku limenelo ndinangoona magetsi a mumsewu.

M'mawa tinakwera kombi, ndiyo minibasi ya kumeneko, kupita kudera la mafakitale kumene kunali shopu ija. Abale, ine ndinali ngati mwana wolowa m'sitolo ya maswiti. Zishalo, mabulashi, nsapato za akavalo, zinthu zimene ndinkangoziona zakutha kwa mayi Chisale, kuno zinali zatsopano mpaka kudenga. Amene anatilandira anali bambo wachikulire wa imvi. Atamva tikulankhula anatiyankha m'Chinyanja chopindika, nati bambo ake anachokera ku Dedza kalekale ndipo sanabwererenso. Ndinamupatsa pepala la dokotala, iye n'kugwedeza mutu kuti wolembayo ntchito amaidziwa.

Anayala patebulo mitundu inayi: waya wachitsulo, chingwe cholukidwa, lamba woonda ndi lamba wotakata ngati zala ziwiri. Wayayo anangomukankhira pambali. Chingwe anati n'cholimba pamphepo koma kavalo amene anavulalapo kale amafuna chinthu chooneka bwino. Anandifunsa ngati kwathu kumawomba mphepo, ndinati ku Chileka mwezi wa Ogasiti imanyamula ndi malata omwe. Anati ndiye nditenge wotakata koma mitengo ndiike pafupipafupi, ndipo lambayo asapotoke, agwidwe chathyathyathya ndi mainsuleta ake, tija tapulasitiki toteteza kuti magetsi asathawire mumtengo. Anandionetsa kuwerenga timawaya ta m'kati mwa lamba poyang'ana kudzuwa, nati wa timawaya tochepa ndi wotchipa koma magetsi amafooka asanafike kumapeto kwa khola. Kunali wobiriwira wokongola, koma ndinasankha woyera chifukwa Thobwa alibe ntchito ndi kukongola.

Kenako tinafika pa enejaiza, kabokosi kamene kamatumiza magetsi mulamba modukizadukiza. Tinatenga ka sola, kokhala ndi batire lakelake. Atamva kuti dothi lathu limauma gwaa m'chilimwe anawonjezera zitsulo zitatu zokhomera pansi m'malo mwa chimodzi, nati anthu ambiri amagula makina okwera mtengo n'kuumira pa zitsulozi, kenako n'kumadabwa kuti mpanda sukuluma. Pakona panali kampanda kachitsanzo koyaka. Anandiuza kuti ndisaike pa kavalo chinthu chimene ine sindinachilawe. Ndinakhudza ndi chala. Mayo ine! Ndinalumpha n'kugwetsa mulu wa zidebe, shopu yonse n'kufa ndi phwete. Koma nditayang'ana chala panalibe bala, ndipo mtima wanga unakhala pansi kwa nthawi yoyamba chivulalireni Thobwa.

Nthawi yonseyi alamu sanali pafupi. Shopuyo inali ndi mbali ina ya mipanda ya nyumba, ndipo iwo anali kumeneko, akunyamula ichi, akufunsa mtengo wa icho, akulemba m'kabuku. Sindinaone cholakwika, munthu amakopeka ndi za ntchito yake. Ndinapita kuchimbudzi kukasola kathumba kaja, ndinalipira ndekha ndi manja anga, ndinalandira lisiti. Ndinapuma mpweya wautali. Ndalama za mpanda zinali zitadutsa maboda anayi popanda wozikhudza, ndipo ndinadziona kuti ndine mwamuna.

Apa mpamene alamu anabwera ndi nzeru. Anati basi ya mawa imadzaza msanga, ndipo katundu wochuluka chonchi amafunika kumugwirira malo lero lomwe. Ine ndipite kudepoti ndikaime pamzere wa matikiti, iwo atsale kuti amange katundu bwinobwino ndi kupeza galimoto yomunyamula. Lisiti ndiwasiyire, chifukwa pageti la shopu salola katundu kutuluka popanda pepala. Zonse zinali zomveka. Ndinawapatsa lisiti lija ngati ndikuwapatsa pepala la maswiti. Masiku awiri ndinali nditagwira pachiuno kuopa anthu osawadziwa, ndipo panalibe anandiuzapo kuti lisiti nalo ndi ndalama.

Kudepoti ndinaima mpaka miyendo kuuma. Alamu anafika madzulo ndi mitolo isanu ndi umodzi yokulungidwa m'mapepala akuda apulasitiki ndi selotepi yambirimbiri, monga amamangira aliyense pamsewu umenewu, pamwamba atalemba dzina langa ndi choko. Ndikuthandiza kutsitsa ndinadabwa kulemera kwake, chifukwa lamba ndinali nditamunyamula m'shopu ndipo anali wopepuka. Iwo anati ndi zitsulo zokhomera pansi zija, azigawa m'mitolo yonse kuti zisaboole. Ndinavomera. Ndinawathokozanso.

Ulendo wobwerera unayenda bwino moti ndinayamba kuukonda msewu. Pa Mutoko ndinagula tomato wa mkazi wanga. Mayi Esinati analinso m'basi yomweyo ndi mabulangete awo, ndipo ndinawafotokozera za lamba, za timawaya, za kulumpha kwanga, mpaka anandipempha kuti ndipumeko. M'mutu mwanga ndinali nditayamba kale kukumba maenje a mitengo. Ndinkaona Thobwa akutuluka m'khola lotsekeredwa limene anakhalamo miyezi iwiri, akununkhiza lamba, akulumpha kamodzi ngati ine, kenako akudya msipu mwamtendere. Kutentha kwa ku Tete sindinakumve n'komwe.

Tinafika pa Mwanza cha m'ma fili koloko. Pobwera m'dziko katundu yense amatsitsidwa, amayalidwa pansi m'mbali mwa basi, mwini wake n'kuima pambali pake kudikira a kasitomu. Tinadikira ola ndi theka chifukwa patsogolo pathu panali basi ina ya ku Joni yodzaza mafiriji ndi matilesi. Itafika nthawi yathu, wa kasitomu anafunsa kuti m'mitolomo muli chiyani. Ndinayankha monyadira kuti ndi mpanda wa akavalo. Anatenga kampeni n'kucheka mtolo woyamba.

Munali waya. Waya wachitsulo, woonda, wonyezimira, wokulungidwa m'mikombero. Mtolo wachiwiri, waya yemweyo. Wachitatu, timapulasitiki takuda ta pakhoma ndi zikwangwani zachikasu zojambulidwa dzanja ndi mphezi. Wachinayi munali bokosi la makina okhala ndi pulagi ya m'nyumba, ndi sayirini yofiira.

Ndinaseka, kunena zoona. Ndinauza wa kasitomu kuti pachitika chisokonezo, katundu ameneyu si wathu, wina watenga mitolo yathu. Ndinayamba kuthamanga uku ndi uku pakati pa katundu wa anthu, ndikutembenuza mitolo yakuda iliyonse kufuna dzina langa, eni ake akundikalipira. Mayi Esinati anasiya mabulangete awo n'kumandithandiza. Ndiwo anandigwira mkono n'kundilozera ndi mlomo. Alamu anali ataima pomwe paja, osatekeseka, akupatsa wa kasitomu lisiti. Wa kasitomu ankawerenga papepalapo n'kumaloza zinthu pansi chimodzichimodzi, ndipo chilichonse chinkagwirizana.

Ndinakhala pa thumba la munthu wina, tomato wanga ali m'manja. Sindinafune wondifotokozera. Ine nditapita kudepoti, alamu anabwerera pakauntala ndi lisiti langa n'kusinthitsa zonse, lamba, sola, zitsulo, chilichonse chimene ndinasankha ndi bambo wa imvi uja.

Katundu akubwezeredwa m'basi alamu anandikokera kuseri, kumene kunkanunkha dizilo ndi mikodzo.

"Alamu, musachite phuma, mverani kaye," anatero. "Ndapeza ntchito ku Chitawira, khoma lalikulu, mwayi umene sindinaupezepo chiyambire. Sabata imodzi ndamaliza. Waya wotsala ndidzakuikirani kumakola ulere, tidzamangirira timapepala ta jumbo toyera kuti akavalo aziona. Lamba wanuyo tidzagula ulendo wina."

Ndinawafunsa ngati anaiwala chithunzi chimene ndinawaonetsa pansi pa mlambe. Anati sanaiwale, koma kavalo ndi nyama, ndipo iwo ali ndi ana anayi. Ndinawafunsa kuti nanga foni ya pa Mwanza pompano popita inali ya ndani. Anayang'ana kumbali. Ndiye kuti tisananyamuke n'komwe pa Wenela, akundigwira paphewa, akundigulira manachesi, akundipatsa madzi kuti ndiyambe kumwa, munthuyu anali atamaliza kale kundigulitsa.

"Mayi Chisale za waya akudziwapo chiyani?" anatero motsitsa mawu. "Amene angandiwononge ndi inu nokha. Ganizirani achemwali anu."

Sindinawamenye. Ndinakwera basi n'kupempha mayi Esinati kuti tisinthane mipando. Anasuntha osafunsa kanthu, n'kukhala pakati pathu ngati khoma.

Kuchokera pa Mwanza kufika pa Kameza si patali, koma ndi mtunda wautali kuposa wonse umene ndinayenda. Achemwali anga a Felesiya ndiwo anandilera mayi athu atamwalira. Anasiya sukulu kuti ine ndipitirize, ankagulitsa makala pa Ndirande kuti ndidye. Kutsika mapiri a Mwanza ndinali nditaganiza zokhala chete. Ndinkadziuza kuti mwina timapepala ta jumbo tingathandize, mwina agalu sadzabweranso, mwina alamu adzaguladi lamba. Pa Zalewa, basi itaima pa mlatho, ndinakumbukira m'mene waya uja ananyezimira atachekedwa pulasitiki, woonda ngati ulusi wosokera nsapato, wokoka kilomita osaduka. Waya waminga anang'amba mwendo umodzi. Uyu akanadula mtsempha. Pa Mdeka ndinaganizanso za achemwali, pa Lirangwe za Thobwa, pa Lunzu ndinali nditatopa moti ndinangotsamira mpando wakutsogolo. Mayi Esinati anandipatsa bisiketi, n'kunena chapansipansi kuti bodza la wina ukalisenza limasanduka lako.

Pa Kameza tinapeza mayi Chisale akudikira ndi pikiapu yahayala, atavala juzi ya malemu amuna awo. Anali akumwetulira. Alamu anatsika msanga, anawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kuwauza kuti zonse zatheka, Mulungu watiyendetsa bwino. Anthu anayamba kukweza mitolo. Mayi anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti bwanji ndikuoneka wofooka, kapena ndi malungo.

"Mayi," ndinatero, "m'mitolomu mulibe cha kavalo ngakhale chimodzi."

Ndinafotokoza zonse pomwepo, pamsewu, minibasi zikuimba mahutala. Alamu anayesa kulowererapo koma mayi anangokweza dzanja. Anang'amba pomwe wa kasitomu anacheka paja, anayang'ana sayirini ija nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine. Sanakalipe. Anangondikumbutsa kuti ndinati ndi munthu wa m'banja. Kukalipa kukanandipepukira.

Kupolisi sanapite, anati chifukwa cha ine. Koma a Yamikani anauzidwa tsiku lomwelo, ndipo anachita zimene ananena zija, zogulitsa akavalo. Wayayo anagulitsidwa, sindinafunse kwa ndani. Achemwali anabwera ku Machinjiri Lamlungu lake, anakana kulowa m'nyumba, anaima pakhomo n'kundiuza kuti ndachititsa manyazi bambo wa ana awo pamsewu chifukwa cha nyama. Ndinawauza kuti amene anayamba kuchititsa manyazi banja si ine. Anati iwo sanandilere kuti ndidzawayankhe choncho, n'kutembenuka. Mpaka lero tikakumana pamaliro timangopatsana moni wa anthu oyandikana nyumba.

Patatha milungu itatu kunabwera lole yochokera ku esiteti ina ya ku Thyolo. Ndinapempha kuti tsiku limenelo ndisakhalepo, koma mayi anati sangathe okha. Ndinakhala kuseri kwa nkhokwe ya udzu kuti ndisaone. Sajeni anakwera mosavuta, Kamphepo anavutako pang'ono. Thobwa anakana. Amuna anayi anamukoka ndi chingwe, anamukankha, anamuphimba kumaso ndi thumba, iye ali njo, akunjenjemera, thukuta lili chuchuchu, mwendo wa chipsera uja ukugunda thabwa lokwererapo. Patatha ola dalaivala anayamba kunena zotenga chikwapu, ndipo ndinamva mayi akuitana dzina langa.

Ndinapita. Ndinawauza onse kuti achoke, ndinamuchotsa thumba kumaso, ndinamasula chingwe. Anaika mphuno pachifuwa panga akupuma mwamphamvu. Ndinamusisita pakhosi, ndikumulankhula zopanda pake zimene ndinkamuuza potsuka bala, mpaka anasiya kunjenjemera. Kenako ndinatembenuka n'kuyamba kukwera thabwa lija pang'onopang'ono, osamugwira, osayang'ana m'mbuyo. Ndinamva ziboda zake pambuyo panga, chimodzi, chiwiri, mpaka m'kati. Ananditsatira chifukwa sindinamulowetsepo pamalo oipa.

Ndinatulukira pakakhomo ka m'mbali mwa lole, amuna aja n'kutseka.